CISAMANI CIMATHERA PA MWALA WA MALIRE

Mseu wa tala wocokera ku Katete kulowera kum'mwera umakathera pa cipata ca Chanida, m'boma la Chadiza. Pamenepo pali mbendera, apolisi ndi a kasitomu, ndipo kuseri kwa cipataco kuli Cassacatiza, m'cigawo ca Tete m'dziko la Mozambique. Malole akulu-akulu opita ku doko la Beira amaima pamenepo kudikira cidindo. Koma anthu a m'midzi ali nazo njira zao za mapazi ndi za njinga, zimene makolo anaponda mbendera zisanabwere. M'njira zimenezo mumadutsa cimanga, fodya, mbuzi, odwala opita ku cipatala, anthu a ku maliro ndi anyamata okafunsira mbeta.

Paliponse pamene anthu akwatirana, kubwerekana ng'ombe ndi kugulitsana pa ngongole, milandu siilephera kubuka. Ikabuka pakati pa anthu a dera limodzi, njira yace njodziwika: ayamba ankhoswe kapena akulu a banja, atsatira a nyakwawa, kenaka mfumu, ndipo zikakanika wodandaula akagula cisamani ku Lokolo Khoti. Bvuto lifika pamene wolakwayo agona kutsidya kwa malire. Kodi mlandu wa munthu wa kwa Mlolo ndi munthu wa ku Chifunde, ku Mozambique, ukaweruzidwe kuti? Nanga wina akawina, adzamlipiritsa mnzaceyo ndani? Ambiri amamva yankho lace ali kale pa khomo la khoti, ndalama za ulendo zitatha.

MTUNDU UMODZI, MBENDERA ZITATU

Mafumu a ku Chadiza, monga Mlolo, Zingalume ndi Mwangala, ndi mafumu a Acewa a pansi pa Kalonga Gawa Undi. Likulu lakale la Undi linali ku Mano, m'dziko limene lero lichedwa Mozambique, ndipo ndi m'zaka za m'ma 1930 pamene Undi anadza kudzakhazikika mbali ino. Malire ogawa anthu acewo anabadwira pa pepala. Pa 11 Juni 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anasainirana pangano logawana maiko a m'mbali mwa Zambezi, ndipo pambuyo pace opima malo anadza kudzaimika miyala. Malire a kum'mawa, ndi dziko la Malawi, atsata msana wa mitunda umene ugawa madzi opita ku Nyanja ya Malawi ndi madzi otsikira ku Luangwa ndi ku Zambezi. Msana wa mtunda suoneka ndi maso monga mtsinje, ndico cifukwa cace mlimi atha kulima mizere yoyambira m'dziko lina ndi kukathera m'dziko lina, iye osadziwa.

Atsogoleri a Africa atakumana ku Cairo mu 1964 anapangana kusunga malire monga anawapezera. Kufikira caka ca 2012 dera la Vubwi, kwa Mfumu Pembamoyo, limene liyang'anana ndi Mchinji, linali mbali ya boma la Chadiza. M'caka cimeneco linapatulidwa kukhala boma palokha, koma cibale ca anthu a Chadiza ndi a ku Malawi sicinapatulidwe nalo. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inaonjeza msakanizo. Anthu ambiri a ku Tete anathawira kuno m'zaka za m'ma 1980, ena kwa abale m'midzi, ena ku malo a othawa nkhondo ku Ukwimi, ndipo mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 si onse amene anabwerera. Otsalawo anakwatira, anabala, ndipo ana ao lero ali ndi amalume mbali zonse ziwiri.

Caka ndi caka mu Ogasiti mafumu a maiko atatu amasonkhana ku Mkaika kukalamba kwa Gawa. Mu 2007 anafikako ndi mapulezidenti atatu: Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza. Woona khamu limenelo angayese kuti pali bwalo limodzi lotha kuweruza Acewa onse. Palibe. Ulemu wa Gawa udutsa malire, ndipo mau ace amamveka ku Tete ndi ku Lilongwe, koma mphamvu yomanga munthu kapena kulanda katundu wace iri m'manja mwa makhoti a boma, ndipo khoti liri lonse liri ndi dziko lace.

ZIMENE LAMULO LA LOKOLO KHOTI LINENA

Pa nthawi ya atsamunda, kuyambira pa lamulo la 1929, mafumu ndiwo anali oweruza m'makhoti a eni dziko. Lamulo la 1966 linasintha zimenezo: linakhazikitsa ma Lokolo Khoti, okhala ndi oweruza olembedwa nchito ndi boma, oweruza potsata mwambo wa anthu malinga ngati mwambowo susemphana ndi cilungamo kapena ndi malamulo olembedwa. Pa milandu ya mwambo maloya saloledwa kuimira munthu. Munthu adzilankhulira yekha m'cinenero cace, ndipo mtengo wa cisamani ngwocepa. Ici ndico cifukwa cace khoti limeneli ndilo lidziwika kwambiri kwa anthu a kumudzi.

Khoti liri lonse liri ndi cikalata coonetsa dera lace, ndipo lamulo linena poyera milandu imene lingamve. Limva mlandu ngati woimbidwa mlanduyo akhala m'dera la khotilo. Limvanso ngati cinthu cimene cabutsa mlandu cinacitikira m'deralo. Koma mlandu ukakhala wa malo, upita ku khoti la kumene malowo ali, zibvute zitani.

Owerenga aone bwino apa: lamulo silifunsa kumene wodandaula acokera. Mai wa ku Chifunde amene anakongoza matumba a cimanga kwa munthu wa kwa Zingalume ali ndi ufulu wodza kudzasuma ku khoti la kwa Zingalume, pakuti wokongolayo akhala komweko. Khoti silingambweze cifukwa alibe citupa cobiriwira ca Zambia. Anthu ena amacita mwano ndi ngongole za alendo poganiza kuti mlendo alibe pokadandaula, koma amadzinamiza okha.

Nkhani ibvuta ikatembenuka. Mlimi wa kwa Mlolo wagulitsa ng'ombe yolimira pa khola pace kwa munthu wa kutsidya, walandira theka la mtengo, ndipo lotsala analonjezana kuti lidzabwera fodya akagulidwa. Fodya wagulidwa, munthu osaoneka. Popeza malondawo anacitikira pa khola la kwa Mlolo, khoti la kuno liri nayo mphamvu yomva mlanduwo, ndipo kalaliki atha kulemba cisamani. Cotsala ndi kucipereka m'manja mwa mwini wace.

Apa ndipo pagona nkhani. Kapaso wa khoti ndi munthu wa boma la Zambia, ndipo mphamvu ya yunifomu yace ithera pa mwala wa malire. Akadutsa pamenepo asanduka mlendo wamba, ndipo pepala limene wanyamula silikakamiza munthu ali yense. Wokongola uja akafuna atha kudza mwa ulemu wace. Akakana, palibe wokamgwira. Zimene angacite wodandaula ndi kuchera khutu, kuti tsiku limene munthuyo aponda pa msika kapena pa cigayo mbali ino, cisamani cimpeze pomwepo. Ndipo ngakhale mlandu utaweruzidwa momkomera mlimiyo, khoti lingalande katundu yekhayo amene ali m'Zambia. Ng'ombe yoima m'khola la ku Chifunde iri ngati khoswe wokhala pa mkhate.

Khoti Lalikulu liri nayo njira yotumizira zikalata kwa munthu wokhala kunja kwa dziko, koma ayenera kuyamba walola woweruza, ndipo pafunika loya ndi ndalama zimene kawiri-kawiri ziposa mtengo wa ng'ombe imene akulimbirana.

NGAKHALE BOMA LINAIONA NJIRAYI KUTALIKA

Wina angayese kuti bvuto limeneli ndi la amphawi okha. Iai. Mu Meyi 2007 woweruza Peter Smith wa Khoti Lalikulu la ku London anagamula kuti Frederick Chiluba, amene anali pulezidenti wa dziko lino kuyambira 1991, pamodzi ndi anthu ena, abweze ku boma la Zambia ndalama pafupifupi madola 46 miliyoni a ku America. Boma linakasuma ku London cifukwa ndalamazo zinadzera m'banki ndi m'maofesi a maloya a kumeneko. A Chiluba anakana kubvomereza kuti khoti la Angerezi lingawaweruze.

Pepala la cigamulo litafika ku Lusaka, boma linapempha Khoti Lalikulu kuti licilembe m'kaundula kuti cigwire nchito ngati cigamulo ca kuno. Mu Ogasiti 2010 woweruza Evans Hamaundu anakana. Lamulo la Zambia lolandirira zigamulo za kunja, limene linalembedwa mu 1937, ligwira nchito pa maiko okhawo amene achulidwa m'cilengezo ca boma, ndipo woweruzayo anapeza kuti Britain sanachulidwe. A Chiluba anamwalira mu 2011. Ngati boma lathunthu, ndi maloya ace onse, linaima pa khomo ndi pepala la ku London m'manja, sicodabwitsa kuti pepala la Lokolo Khoti silitsegula khola ku Tete.

MAKHOTI A KUTSIDYA

Wofuna ndalama zace kwa munthu wokhala kunja, nthawi zambiri ayenera kumlondola kwao ndi kukasuma komweko. Ku Malawi njirayo siibvuta kwambiri, pakuti malamulo a maiko awiriwa anacokera ku tsinde limodzi la Angerezi, ndipo Cicewa cimveka pa bwalo. Cosiyana ncakuti makhoti a mwambo a nthawi ya Kamuzu Banda anatha pamene dzikolo linalowa m'ndale za zipani zambiri, m'zaka za 1993 ndi 1994, motero milandu ya maukwati ndi ngongole imene kuno ipita ku Lokolo Khoti, ku Mchinji ipita kwa majisitireti.

Ku Mozambique zinthu nzina. Malamulo ao anacokera kwa Apwitikizi, ndipo m'makhoti a boma zolemba zonse ziri m'Cipwitikizi. Cigamulo ca dziko lina ciyenera kumasuliridwa, ndi kupendedwa ndi bwalo lapamwamba la kumeneko, cisanagwire nchito. Koma pansi pa makhoti amenewo pali mabwalo a m'midzi, okhazikitsidwa ndi lamulo la 1992, m'mene anthu osankhidwa m'deralo amamva timilandu ta mabanja ndi ngongole m'cinenero ca anthu, ndi colinga coyanjanitsa. Munthu wa ku Chadiza wokhala ndi mboni zace ndi kalata ya mfumu yace atha kumvedwa kumeneko m'Cicewa comweci. Apite ndi ciphaso ca pa malire, pakuti wolowa m'dziko la eni popanda pepala asanduka iye woimbidwa mlandu asanatsegule ndi pakamwa pomwe.

Za minda nzofunika kucenjera nazo koposa, popeza alimi ambiri a m'mbali mwa malire amalima kutsidya kumene nthaka ikali ndi mphamvu. Ku Mozambique nthaka yonse ndi ya boma, ndipo lamulo lao la 1997 liletsa kuigulitsa. Lamulo lomwelo lipatsa mphamvu pa malo kwa munthu amene walimapo mosabisa kwa zaka 10, koma mwai umenewo ngwa nzika za Mozambique zokha. Mzambia amene "anagula" munda kumeneko, angakhale analipira ng'ombe ziwiri pamaso pa mboni, wagula cisomo ca amene anamgulitsa, osati nthaka. Tsiku limene adzukulu a mwini malo adzaufuna, khoti la ku Chadiza silingathe kunenapo kanthu, cifukwa mlandu wa malo utsata kumene malowo ali. Mbali inonso lamulo la 1995 linaika nthaka yonse m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu a Zambia, ndipo mlendo sangatenge mapepala a malo pokhapokha atakwaniritsa zimene lamulolo lifuna.

NG'OMBE ZIKADUTSA USIKU

Palibe mlandu umene umawawitsa mitima m'midzi ya m'malire kuposa wa kuba ng'ombe. Khola litsegulidwa pakati pa usiku, ndipo kukaca mapazi aonetsa kuti zalowera kum'mwera. Amuna a m'mudzi atenga nkhwangwa ndi mikondo kulondola. Mtima wao umveka, koma lamulo siliri nao akangodutsa mwala. Apolisi a Zambia nawonso alibe mphamvu yomanga munthu pa nthaka ya Mozambique kapena ya Malawi. Cimene amacita ndi kudziwitsa anzao a kutsidya, pakuti kuyambira 1995 akulu a polisi a maiko a kum'mwera kwa Africa ali ndi bungwe lao lothandizana pa milandu yodutsa malire. Ng'ombe zikapezeka, cofunsidwa coyamba ndi umboni wakuti nza yani. Mwini wokhala ndi cizindikiro ca pa cikopa colembedwa ku ofesi ya za ziweto amamveka msanga kuposa wonena cabe kuti yace njamaanga ndipo ichedwa Bantomu.

Malamulo a Zambia sali cabe pa milandu yotere. Wopezeka wolakwa pa kuba ng'ombe alandira zaka zosacepera 5 m'ndende. Nzika ya Zambia imene yakalakwa kunja itha kuzengedwa mlandu kuno ngati kuti inalakwira kuno. Ndipo wolandira kapena kusunga katundu amene adziwa kuti anabedwa kunja kwa dziko ali ndi mlandu m'makhoti a Zambia. Wogula ng'ombe yochipa usiku, yopanda kalata ya a za ziweto, asaganize kuti malire amchinjiriza.

Mbala ikathawira kwao, njira ya lamulo ndi yakuti boma lipemphe boma linzace kuti liibweze. Maiko a SADC anasainirana pangano la zimenezi ku Luanda mu 2002. Pempho lotere liyenda kucokera ku Lusaka kupita ku Maputo kapena ku Lilongwe, ndipo khoti la dziko lopemphedwa liyamba lamva ngati pali cifukwa cokwanira. Njira imeneyi njocedwa, ndipo mwini ng'ombe angaione ngati yomcedwetsa dala. Koma cimene cimacitika anthu akailumpha cinaoneka pa malire omwewa.

Orton Chirwa anali nduna yoyamba ya za cilungamo m'dziko la Malawi, ndipo atasemphana ndi Kamuzu Banda mu 1964 anathawira kunja. Pa 24 Disembala 1981 iye ndi mkazi wace Vera anagwidwa ndi anthu a boma la Malawi. Iwo ananena mpaka mapeto kuti anabedwa pa nthaka ya Zambia, m'dera la Chipata, ndi kuti cifukwa ca ico bwalo la Malawi linalibe mphamvu pa iwo. Boma la Malawi linati anagwidwa atalowa kale m'dziko mwao. Anazengedwa mlandu woukira boma pa bwalo la mwambo ku Blantyre, kumene maloya sanali kuloledwa, ndipo mu 1983 anagamulidwa kuti aphedwe. Caka cotsatira cilango cinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, ndipo Vera anatulutsidwa mu Januwale 1993. Pambuyo pace bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu linapeza kuti awiriwa sanaweruzidwe mwa cilungamo. Lamulo limene limaimitsa kapaso ndi wapolisi pa mwala, ndilo lomwe liletsa asilikali a dziko lina kudzatola munthu pa khonde pace ku Chadiza.

UKWATI, ANA NDI CUMA CA MASIYE

Pa maukwati amene amapwetekeka kwambiri ndi akazi ndi ana. Mwa mwambo wa cikamwini mwamuna ndiye adza kudzakhala kwa mkazi. Mkamwini wocokera kutsidya akatopa, anyamula njinga ndi wailesi, nabwerera kwao, kusiya mkazi ndi ana anai pa nkhokwe yopanda kanthu. Popeza ukwatiwo unamangidwa kuno ndipo banja linali kukhala kuno, khoti la kuno liri ndi mphamvu youmva. Lamulo la ana la 2022 linena kuti kholo liri lonse liyenera kusamala mwana wace, pakhale ukwati kapena pasakhale. Koma lamulo lakuti bambo azipereka ndalama mwezi ndi mwezi liri ndi mano pokhapo bamboyo ali ndi malipiro, ziweto kapena katundu m'Zambia.

Pamenepa unkhoswe uonetsa phindu lace. Ukwati umene unadzera kwa ankhoswe a mbali zonse uli ndi munthu wodziwika kutsidya, amene angatumiziridwe mau, ndipo iye sangathawe cifukwa dzina la banja lace liri pamenepo. Ukwati wongolowana, wa munthu amene anadza ndi malonda ndipo mudzi wace palibe aliyense anaupondapo, ukatha umatha ngati utsi. Makolo ena amalandira cimalo kwa munthu amene sadziwa ngakhale mfumu yace, ndipo ndi mwana wao amene adzalipira ulesi umenewo.

Khomo limodzi loipa latsekedwa tsopano mbali zonse. Kale makolo ofuna kukwatitsa mwana wa sukulu anali kumuolotsa malire kuti athawe aphunzitsi ndi apolisi. Dziko la Malawi linaika zaka 18 m'lamulo la maukwati la 2015 ndi kulimbitsa zimenezo m'malamulo akulu a dziko mu 2017. Mozambique inakhazikitsa lamulo loletsa maukwati a ana mu 2019. Zambia inasintha lamulo lace mu Disembala 2023, kuti ukwati uli wonse wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa mwambo, usawerengedwe ukwati. Wokwatitsa mwana apeza lamulo likumdikira kumene acokera ndi kumene apita.

Mwamuna akamwalira osasiya kalata ya cuma, lamulo la Zambia la 1989 ligawa motere: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi, 20 kwa makolo a womwalira, ndi 10 kwa ena amene anali kudalira iye. Lamuloli litsata munthu amene kwao kwenikweni pa nthawi ya imfa kunali m'Zambia, ndipo silikhudza nthaka ya mwambo. Abale a kutsidya akadza pa maliro alibe ufulu wokweza katundu pa ngolo cifukwa cakuti kwao acita mwina. Mkazi wamasiye afulumire kukaonana ndi apolisi a Victim Support Unit katunduyo asanaoloke, pakuti akaoloka nkhani isanduka ya kapaso ndi mwala uja.

ANTHU A KU CHINGOLA ANALONDOLA MWINI MLANDU KWAO

Ulipo mlandu umodzi umene uonetsa kuti kulondola wolakwa kwao nkotheka ngakhale kwa alimi. Mu 2015 anthu 1,826 a m'midzi ya pafupi ndi Chingola anasumira kampani ya Konkola Copper Mines pamodzi ndi mwini wace wamkulu pa nthawiyo, Vedanta Resources, ponena kuti zoipa za mu mgodi wa Nchanga zinaononga madzi ndi minda yao. Anakasuma ku England, kumene kunali likulu la Vedanta. Makampaniwo anati mlandu wa m'Zambia uweruzidwe m'Zambia, ndipo zaka zinai zinatha akukangana pa funso lokhalo la bwalo. Pa 10 Epulo 2019 Supreme Court ya ku London inagamula kuti mlanduwo umvedwe ku England. Oweruza anabvomera kuti malo ace eni-eni a mlanduwo ndi Zambia, koma anaona kuti anthu osauka otere sakanapeza ndalama ndi maloya okwanira kuyendetsa mlandu waukulu comweco kuno. Mu Januwale 2021 kunalengezedwa kuti mbali ziwirizo zagwirizana kunja kwa khoti, makampaniwo osabvomera kulakwa. Mfundo imene inawatsegulira khomo ku London ndi yomwe ija ya ku Lokolo Khoti: munthu asumiridwa kumene akhala.

KALATA YA MFUMU NDI PEPALA LA NGONGOLE

Milandu yambiri ya m'malire siifika kwa woweruza ali yense. Imathera pansi pa mtengo, pakati pa a nyakwawa awiri odziwana, mwina a pfuko limodzi, wina Phiri wa kuno wina Phiri wa uko. Mfumu ilemba kalata, nduna iinyamula, ndipo wokongola aitanidwa ndi mfumu yace yomwe, imene sangaikane popeza ndiyo inampatsa pokhala. Cigamulo ca pa bwalo lotere ciribe mphamvu ya boma, ndipo sicingalowe m'malo mwa apolisi pa milandu yoopsa monga kupha munthu, kugwirira kapena kuononga mwana. Milandu imeneyo siyokambirana ndi mbuzi. Koma pa ngongole, malire a dimba ndi ng'ombe zodya mmera, kalata ya mfumu ifika kumene cisamani sicifika.

Amene sanakhutire ndi ciweruzo ca Lokolo Khoti ali ndi masiku 30 ocitira apilo kwa majisitireti, ndipo pamwamba pa majisitireti pali Khoti Lalikulu, limene limakhala ku Chipata. Ku Chipata komweko kuli ofesi ya Legal Aid Board, yothandiza anthu osatha kulipira loya, ndipo ndi bwino kufunsa kumeneko munthu asanagulitse mbuzi zace kuti ayambe mlandu ndi munthu wa kunja.

Ocenjera a m'malire amakonza mlandu tsiku logulitsa, usanabadwe. Malonda acitikira mbali ino, pamaso pa a nyakwawa, kuti pasadzakhale mkangano wa kumene nkhani inayambira. Mboni zikhala za mbali zonse ziwiri. Wogula pa ngongole asiya cikole, njinga kapena ngolo, kapena aimika mbale wace wokhala kuno amene abvomera kuti adzalipira iye ngati winayo sabwera. Pa pepala alemba dzina la mudzi wa wogulayo ndi la mfumu yace, tsiku lolipira, ndi mtundu wa ndalama. Ici comariza ambiri amaciiwala. Ku Tete ayendera meticali, ndipo Zambia ndi Malawi onse ali ndi kwacha, dzina limodzi koma mphamvu zosiyana kutali. Pepala longonena kuti "K5,000", osachula kwacha ya dziko liti, libala mlandu wina pamwamba pa woyambawo.